Ndinakafika Kwawo kwa Lole Yathu

"Amake Tadala, ndiye n'zoona kuti mukupita kwawo kwa lole?"

Anandifunsa choncho anaBanda, oyandikana nawo nyumba ku Mitundu, m'mawa wina ndikuyanika zovala. Anali atatsamira mpanda, maso ali pa lole yathu imene inangoima pansi pa mtengo wa mango, nkhuku zikuikira mazira kunsi kwake. Kufikira tsiku limenelo ndinali ndisanavomere ulendo. Alamu anga a Grace, mlongo wa amuna anga, anali namwino ku Wakefield ku England, ndipo anali atalemba kalata kawiri kuti ndipite ndikawalerere ana awo awiri kwa miyezi isanu ndi umodzi. Ine ndinkazengereza chifukwa Tadala wanga anali ndi zaka zitatu zokha. Koma anaBanda atafunsa muja, ndinangomva pakamwa panga payankha pokha: "Eya, ndikupita. Ndikukaitengera mankhwala."

Lole imeneyo anasiya ndi apongozi anga aamuna. Inali yakale kuposa ineyo, ndipo anthu ankaitcha Ntchembere chifukwa inali yokalamba koma sinkakana katundu. Mabelo a fodya opita ku okushoni, njerwa, chimanga, maliro, akwati, zonse inkanyamula. Ndiyo inkatidyetsa. Njala ija ya 2002 itangodutsa, pampu yake ya dizilo inafa. Amakaniko atatu anaimasula n'kuimanganso, osatheka. M'mashopu a masipeya ku Lilongwe ankangoitembenuza uku ndi uku n'kupukusa mitu.

Mkati mwa chitseko cha dalaivala munali kachitsulo kokhomeredwa, kolembedwa dzina la kampani, tauni, msewu ndi nambala yaitali. Amuna anga anaika pepala la m'kope pamwamba pake n'kukhutiza pensulo mpaka zilembo zonse zinatuluka. Pondipatsa anati: "Munthu akadwala kwambiri timamutengera kwawo. Loleyi sitingainyamule, koma inu mukupita komweko. Mukafike pageti, mupereke moni bwinobwino, muwauze kuti mwana wawo ali ku Mitundu ndipo wagwira ntchito zaka zonsezi osawachititsa manyazi. Akakugulitsani pampu."

Ndinawalonjeza kuti sindibwera chimanjamanja. Ndinanena ndi mtima wonse, ndipo lero ndikakumbukira sindidziseka. Sukulu ndinalekera sitandade 7, koma chinthu ndikachigwira sindichisiya panjira.

Za kuzizira kwa ku England anthu anena kale zambiri, ine ndingonena za chete wake. Nyumba ya a Grace inali yolumikizana ndi zinzake mzere wonse, khoma limodzi, koma mwezi wathunthu sindinadziwe dzina la mayi wa khomo linalo. Alamu ankapita ku shifiti n'kubwera maso ali psuu. Amuna awo ankagwira ntchito ku Leeds. Ana ndikawalankhula Chichewa ankamva zonse, koma kuyankha ankayankha Chingerezi, mwachangu ngati akuthamangitsidwa. Ndikawaperekeza kusukulu ndinkabwerera m'nyumba yofunda bwino, yopanda nkhuku, yopanda munthu woodira pakhomo. Nthawi zina ndinkayatsa makina ochapira kuti mukhale phokoso.

Pepala lija ndinawaonetsa alamu sabata yoyamba. Anati, "Mlamu, tiona pa kompyuta ndikapeza mpata." Mpata sunapezeke. Ndiye ndinaphunzira ndekha mabasi ndi masitima, kufunsa ndi Chingerezi changa chothyokathyoka, mpaka Loweruka lina ndinanyamuka. Ndinavala chitenje changa chabwino mkati mwa jasi. M'chikwama ndinaika mtedza wa kwathu wokazinga, womanga bwino m'pepala, chifukwa sungapite kwa eni ake a chinthu manja ali lende.

Sitima inadutsa mapiri opanda mitengo, ya nkhosa zokhazokha, n'kukanditsitsa m'tauni ya nyumba zakuda ndi utsi wakale. Msewu ndinaupeza mosavuta. Fakitale nayo ndinaipeza mosavuta, chifukwa khoma lake la njerwa zofiira linali lalitali ngati kuchoka kwathu kukafika kumsika. Koma mawindo onse anali osweka. Padenga panali patamera timitengo. Geti linali lomanga ndi tcheni chadzimbiri, ndipo pamwamba pake zilembo za dzina la kampani anazichotsa, panangotsala mithunzi yake panjerwa. Ndinatulutsa pepala langa n'kufanizira chilembo ndi chilembo. Zinali zomwezo. Ndinasuzumira mkati: bwalo lalikulu, udzu utang'amba simenti, nkhunda zikulowa ndi kutuluka.

Mundikhulupirire, ndinaodira. Ndinagogoda geti lija ndi mwala katatu.

Anandipeza pomwepo ndi bambo wina wokalamba, wamtali, wa chipewa chansalu, akuyendetsa kagalu. Dzina lake anali a Derek. Anandifunsa ngati ndasochera. Ine ndinangowapatsa pepala. Anavala magalasi, anawerenga nambala ija akusuntha milomo, kenako anandiyang'ana nthawi yaitali.

"Ili kuti galimoto imeneyi?"

"Ku Malawi. Kwathu."

"Ikuyenda?"

"Inkayenda mpaka chaka chatha."

Anakhala pansi pakhoma lalifupi. Anati zaka zimene nambala ija inkasonyeza, iwo anali mkatimo, ntchito yawo inali kumanga zitseko. "Chitseko cha kumanzere chimatsekeka bwino?" anafunsa. Ndinati chimafuna kuchimenya kawiri. Anaseka mpaka kutsokomola. "Zonse zinali choncho, mwana wanga. Pepani. Ndine ndemwe."

Mtedza uja ndinawapatsa iwowo, popeza eni ake ena panalibe.

Mbiri ya fakitaleyo sanandiuze tsiku limodzi. Ndinaitola pang'onopang'ono, Loweruka ndi Loweruka, Chingerezi changa chikukula. Anati anaiyamba ndi munthu wosula zitsulo amene ankapanga ngolo za akavalo. Ana ake anayamba kupanga ngolo zoyendera moto wa malasha, adzukulu n'kubweretsa za dizilo. Nthawi ya nkhondo ankapanga malole a asilikali usana ndi usiku. Nkhondo itatha, malole ankatuluka pageti lija mondondozana kupita kudoko, kukakwera sitima za pamadzi za ku Africa ndi ku India. Agogo awo a Derek anagwira mmenemo, bambo awo, iwo, ndi achimwene awo. Fakitale inali ndi timu yake ya mpira ndi bandi yake. Wezulo yoweruka ikalira, msewu unkadzaza njinga moti basi inkaima kudikira. Kenako kampani inagulidwa ndi ina, inayo n'kugulidwanso ndi ya kunja. Anthu ankachotsedwa gulu ndi gulu. "Koma mabwana ankatiuza kuti tisadandaule, maoda ndi ambiri," anatero a Derek tsiku loyamba lomwe lija. "Ananena choncho mpaka Lachinayi. Lachisanu tinapeza chipepala pageti."

Masiku amenewo kwathu kunalibe foni. Ndinkagula khadi yopala yoimbira kunja, n'kuimba Lamulungu masana kubyuro ya telefoni ya pa Mitundu, amuna anga atadikira kale pabenchi ndi mwana. Lamulungu lotsatira ulendo wanga woyamba uja, atangondipatsa moni anafunsa, "Mwakafika?"

"Ndakafika."

"Akuti bwanji eni ake?"

Pamenepo ndi pamene ndinalakwira. Kwathu munthu wa kutali sauzidwa zoipa, ndipo nayenso satumiza zoipa kumudzi. Mayi ako akamwalira amakuuza kuti akudwala pang'ono, bwera udzawaone. Iwe ukagona ndi njala kuchilendo umalemba kuti zonse zili bwino. Tonse tinakula nazo. Ndinawaona m'maganizo amuna anga ataima m'kabyuro kaja, anthu a pamzere akumvetsera, ndipo ndinalephera kunena kuti eni ake anafa kalekale, m'nyumba mwawo mukugona nkhunda. Ndinabwereka mawu a mabwana aja. "Akuti tidikire pang'ono, maoda ndi ambiri."

"Chabwino," anatero. "Ntchembere ikudikira."

Sindinanene bodzalo kuti ndikhale phee. Ndinali nditafunsa kale a Derek ngati pampu yotere ingapezeke penapake. Anati pampuzo sizinkapangidwa n'komwe mufakitale mwawo, ankagula kwina, ndipo kwinako nakonso kunatsekedwa. Koma anali ndi anzawo, madala anayi opuma ntchito, amene ankakumana m'kashedi kuseri kwa nyumba yawo n'kumakonza malole akale oonetsa pa zisangalalo. Anati tiyesa. Ine ndinaona kuti ndikangopeza pampu, bodza langa lisanduka loona lokha.

Miyezi isanu ndi umodzi inatha pampu isanaoneke. Alamu anandikhazika pansi. "Mlamu, mapepala anu akutha sabata ya mawa. Mukapitirira, muzidzayenda mukuyang'ana kumbuyo." Ananena zoona, koma ndinaonanso kuti mumtima ankafuna ndikhale, chifukwa kusiya ana kwa olera a kumeneko kukanawadyera malipiro onse. Ndinati ndikhala miyezi iwiri ina. Tikiti yobwererera inapsa ili m'Baibulo.

Za ndalama ndinene poyera. Alamu anandigulira tikiti, ankandidyetsa, ndipo ankandipatsa kangachepe pakutha pa mwezi. Sizinali zolemeretsa munthu. Ndinayamba kuluka tsitsi anamwino anzawo ndi kusita zovala za mabanja a Amalawi a kutchalitchi. Zina ndinkapatsira aliyense wopita kumudzi, zina ndinkasunga m'sokosi kudikira pampu. Ndikadwala sindinkapita kuchipatala. Galimoto ya polisi ikadutsa ndinkayang'ana pansi ngati ndataya kanthu. Kutchalitchi ambiri anali ophunzira kwambiri, a madigiri, okamba nkhani theka Chingerezi. Anali anthu abwino, koma ine malo anga anali kukhitchini kutsuka makapu. Munthu amene ndinkacheza naye momasuka m'dziko lonse lija anali nkhalamba ya Chizungu yosamva khutu limodzi.

Pampu yoyamba imene madala aja anapeza inali ya injini yaikulu. Yachiwiri inali ndi mng'alu. Yachitatu mwini wake anasintha maganizo titafika kale pakhomo pake. Nthawi iliyonse a Derek ankati, "Ina ipezeka," ine n'kuwonjezera miyezi iwiri. Lamulungu lililonse nkhani inali yomweyo: ine maoda ndi ambiri, iwo Ntchembere ikudikira. Tadala poyamba ankalira pafoni. Kenako ankandiimbira nyimbo za kumkaka. Kenako ankangoti "ndili bwino" n'kubweza foni. Chaka chachiwiri bambo ake ankati, "Wakana kubwera, akusewera ndi anzake."

Pampu yoyenera inapezeka kufupi ndi Hull, pafamu ina, m'lole imene inakhala m'khola la udzu zaka zambiri. Tinapita m'galimoto ya mmodzi wa madala aja, ine kumbuyo ndi kagalu. A Derek anafanizira nambala katatu asanalankhule. Anatha nyengo yozizira yonse akuimasula, kuitsuka, kusintha timphira ndi kuiyesa. Ya mwini famu ndinalipira ndekha. Ya ntchito yawo anakana. Tsiku londipatsa tinadutsa pafakitale paja, tinapeza zigalimoto zikugwetsa khoma kuti amangepo nyumba. A Derek sanaime. Anangoti, "Mukaiuze kuti wa zitseko akupereka moni."

Pabwalo la ndege chikwama changa chinaposa muyeso. Pampu inali yolemera ngati mwana wa chaka. Ndinatsegula pomwepo pamaso pa anthu, ndinatulutsa madilesi a Tadala, nsapato, chidole ndi bulangeti la amayi, n'kuwasiyira alamu amene anandiperekeza. Ndinati zovala tidzagula lole ikayamba kuyenda. Wa mapasipoti anayang'ana deti, anandiyang'ana ine, anandiuza kuti ndisayembekezere kudzalowanso msanga. Ndinati zikomo, sindikufunanso.

Amuna anga anandichingamira ku Lilongwe. Anali ataonda. Ponyamula chikwama anati, "Mwanyamula miyala?" Ndinati, "Ndanyamula mankhwala a Ntchembere." Anangosenza chikwama n'kutsogola. Muminibasi monse ankayang'ana pawindo, ine n'kumaganiza kuti ndi manyazi a anthu osaonana nthawi yaitali.

Titatsika pa Mitundu, patsogolo pathu panadutsa ngolo ya ng'ombe yodzaza njerwa. Mikombero yake inali yobiriwira, utoto umene ndinapaka pa lole yathu ndi manja anga chaka cha ukwati wathu. Ndinaima. Pakhonde la wometa tsitsi panali mpando wa dalaivala, munthu atakhalapo akumetedwa. Tinayenda mpaka kunyumba. Pansi pa mango panali dothi lakuda ndi oilo, ndi zitsulo ziwiri zazitali za tchesisi, mbuzi itagona pakati pake.

Achibale ndi anansi anali atasonkhana kudzandilandira. Ndinapereka moni kwa aliyense, ndinadya, ndinayankha za kuzizira. Atabalalika, dzuwa likadalipo, ndinatulutsa pampu, ndinaimasula m'thaulo n'kuiika pamphasa pakati pa ine ndi amuna anga. Inali kuwala ngati yatsopano.

"Bambo a Tadala, ili kuti lole?"

Anayamba ndi matayala. Anati mwana anadwala malungo aakulu mwezi wachinayi nditachoka, anagonekedwa, ndiye anagulitsa matayala awiri. Kenako batire. Kenako fetereza anafunika, wa ngolo n'kubwera kudzafunsa ekisero. Injini anatenga ndi mwini chigayo wa kumsika, amene anailumikiza ndi pampu ya thirakitala.

"Mwana anagonekedwa, ine osandiuza?"

"Mukanatani muli kutali? Mukanangolira m'nyumba ya eni."

"Nanga bwanji munkati ikudikira?"

Anakanda kumutu. "Amake Tadala, inunso bwanji munkati maoda ndi ambiri? Mutangochoka ndinakumana ndi makaniko wina wachikulire ku Lilongwe. Anandiuza kuti kampani imeneyo inafa iye akadali mnyamata. Lamulungu lomwe munati mwakafika lija, ine ndinali ndikudziwa kale."

"Ndiye bwanji simunanene?"

"Ndinati mwina muli ndi zifukwa zanu. Ndinati mwina kumeneko mwakukonda, mukufuna podzikhululukira. Munthu sumuchotsera chofunda pagulu. Ndinati mukatopa mubwera."

"Ine ndinkadikira pampu!"

"Ine ndinkadikira inu."

Sitinakalipirane. Panalibe wokalipira mnzake, chifukwa tonse awiri tinachita zimene tinaphunzitsidwa, ndipo tinazichita bwino kwambiri. A Grace nawo ankadziwa za matayala, anaBanda ankadziwa, wa pabyuro ankadziwa. Mudzi wonse unandisungira mtima wanga mosamala, ine ndikuusungira wawo. Ndinapita kutali kukaona malo amene anthu ankauzidwa kuti zonse zili bwino mpaka tsiku lotseka geti, osadziwa kuti kwathu timachitirana zomwezo, koma ife timatero chifukwa chokondana.

Tadala nthawi yonseyi anali kwa anaBanda. Atamubweretsa, anagwada patali, anandipatsa moni wa ulemu ngati wa mlendo wochokera kuboma, kenako anabwerera kukaima kumbuyo kwa chitenje chawo. Anali wamtali, mano awiri akutsogolo kulibe. Kuseri kwa khutu anali ndi chipsera chimene sindinkachidziwa. Sindinamukoke. Ndinangomuuza kuti ndabwera ndipo sindipitanso. Zinatenga miyezi itatu kuti alole ndimusambitse. Ndinadikira, kudikira ndimakutha.

M'mawa mwake ndinasenza pampu pamutu kupita kuchigayo. Injini ya Ntchembere ndinaimva ndisanaione, ikutsokomola ndi kutaya utsi wakuda chifukwa pampu ya thirakitala sinali yake. Mwini chigayo anafuna kugula. Ndinakana kugulitsa. Ndinati tiimange, mukaona mmene ikuyendera tikambirane ngati anthu awiri a chigayo chimodzi. Anaseka, koma itangolira bwino anasiya kuseka. Mpaka lero ndimagwira pamenepo masiku atatu pa sabata, ndipo Tadala akuphunzira ndi ufa wa injini imeneyo. A Derek ndinawalembera kalata yoona, yonena zonse mmene zinalili. Ndi kalata yoyamba ya mtundu umenewo imene ndinalembapo. M'nyumba mwathu tsopano muli lamulo limodzi limene ndinaika ine: choipa chimanenedwa tsiku lomwelo, ngakhale munthu ali kutsidya kwa nyanja. Achibale ena amati ndinabwera ndi nkhanza za Azungu. Anene.

Sindidandaula kuti ndinapita. Ndinaona dziko, ndinadziwa kuti ndingathe kufika paliponse ndi pepala limodzi m'manja. Koma wina akandifunsa chimene chinatayika, sindizungulira. Lole imodzi, imene ikanapita ndithu ngakhale ndikanakhala. Miyezi isanu ndi umodzi imene ndinavomera ndekha, imeneyo sindiiwerengera. Zaka ziwiri zowonjezera, zimene mawu amodzi oona pafoni akanazidula. Ndi mwana wa zaka zitatu amene ndinasiya pakhomo. Amene ndinamupeza ndi wabwino, ndi wanga, koma uja sindinamuonenso.